Gertrudes Anaimira Pakhomo

Armindo Xavier anali mphunzitsi ku Tsangano, koma mukadafunsa anthu a kumeneko kuti mphunzitsiyo ndi uti, akadakuuzani kuti ndi uja woyenda ndi nsungwi. Nsungwiyo inali yomangirirapo mikirofoni. Wansembe wina wokalamba, pobwerera kwawo, anamusiyira makina ojambulira mawu pa kaseti, mikirofoni imodzi, ndi chomvera cha m'makutu chimene chinkalira khutu limodzi lokha. Kuyambira tsikulo Armindo sanakhalenso pansi. Loweruka lililonse ankamangirira katunduyo panjinga n'kumasakasaka makwaya, ovina ngoma, ngakhale amayi oimba pamtondo.

Khutu anali nalo, tisamunamizire, koma liuma analinso nalo. Akafika pamudzi sankathamangira kujambula. Ankayamba walowa m'nyumba yoimbiramo n'kuomba m'manja kuti amve mmene mawu akubwererera. Tchalitchi cha malata ankachikana, ati mawu amagundagunda kudenga. Ankakonda chofolera ndi udzu. Mikirofoni ankaiveka sokosi kuti mphepo isauziremo, ng'oma n'kuzitulutsa kuseri kwa khoma. Akatero ankayeza pansi ndi mapazi: amayi mapazi anayi kuchokera pansungwi, abambo asanu ndi awiri. Akuluakulu ndi imvi zawo ankasunthidwa ngati miphika. Mabatire ankawaumira kuposa mchere, chikhalirecho mchere masiku amenewo unali wosowa. Nyimbo isanathe bwinobwino, chala chake chinkakhala chili kale pabatani.

Mu Juni 1984 kwaya ya ku Chidzolomondo, m'dera la Macanga, inamuitana. Nkhondo inali ikumveka kale, koma ngati nkhani ya kwa ena. M'kwayamo munali mayi Gertrudes, mkazi wa bambo Faustino, mlimi wa fodya. Mayiwo anali aafupi, koma mawu awo sankadziwa zimenezo. Poyesera nyimbo yoyamba, kasingano ka pamakina kanathamangira pofiira n'kukakamira pomwepo. Armindo anawabweza mayiwo mapazi asanu ndi limodzi. Kasingano kanakana. Anawonjezera atatu, n'kuwonjezeranso atatu, mpaka mayiwo anapezeka ataima pakhomo penipeni, phazi lina m'tchalitchi, lina panja.

"AProfesori, ndiye ndiziimbira mbuzi zapanjazi?" anafunsa mayi Gertrudes.

Armindo anayankha kuti mawu awo ndi aakulu, afika okha. Anthu anaseka, ndipo amene anaseka kwambiri anali mwamuna wawo, atakhala pabenchi ndi chipewa pabondo.

Mayiwo analinso ndi chizolowezi china chimene chinamukwiyitsa Armindo. Nyimbo ikatha, anzawo onse atatseka pakamwa, iwo ankakokabe liwu lomaliza okhaokha, ngati munthu wosafuna kutsanzika. Anawachonderera kawiri, iwo n'kuvomera ndi mutu kawiri, n'kuchitanso zomwezo. Basi, Armindo anathetsa nkhaniyo ndi chala: kwaya ikangotsika, iye wadina batani. Nyimbo khumi ndi ziwiri zinalowa m'kaseti tsiku limenelo, zosalala, popanda liwu loposa linzake. Anabwerera ku Tsangano akuimba mluzu, akudziuza kuti sanajambulepo zabwino chotere. Analonjeza kudzawabweretsera kaseti yawo, koma pasanathe miyezi itatu msewu wa ku Macanga unali wosayendeka.

Pofika 1986 nkhondo inasiya kukhala ya kwa ena. Armindo anakulunga makaseti ake m'pulasitiki, n'kuwaika m'chitini, n'kukwirira m'munda wa mbatatesi wa amalume ake ku Ntengo-Wambalame. Makinawo anawabisa m'thumba la nyemba n'kuoloka nawo malire kupita ku Ntcheu, komwe ankaphunzitsa ana a othawa nkhondo pansi pa mtengo. Nsungwi anaisiya. Panalibe woti n'kumujambula, poti anthu ankaimba pamaliro pokha.

Zaka zinayi zitapita, kunabwera bambo wina woonda, akufunsa za mphunzitsi wa nsungwi. Armindo sanawazindikire mpaka atakhala pansi n'kuika chipewa pabondo. Anali bambo Faustino, ndipo anayenda masiku atatu kuchokera ku kampu ya ku Dedza. Anafotokoza mwachidule kuti anthu amfuti anawapeza mayi Gertrudes kumunda chaka chothawa chija, ndipo iwo anawaika okha, mofulumira, popanda nyimbo. Chithunzi analibe.

"Nkhope ndimaiona pa mwana wathu Felismina," anatero. "Koma mawu ayamba kundithawa, aProfesori. Ndimayesa kuwakumbukira, ndimangomva mawu a anthu ena."

Anamasula kansalu n'kuonetsa mabatire anayi atsopano. Ananena kuti mapilyawo abwera nawo, chatsala ndi kaseti ija.

Armindo anamva manyazi amene sanawamvepo chibadwire. Iye yekha ndiye ankadziwa zimene zinali m'kasetimo: kwaya yokoma, ndi mayi mmodzi amene anakankhidwira pakhomo n'kumadulidwa mawu nyimbo iliyonse. Anaganiza zonama kuti makaseti anaola ndi mvula. Anaganizanso zongoloza liwu la mayi wina aliyense n'kunena kuti ndi awo. Koma munthu amene wakhala ndi mkazi zaka makumi atatu sanamizika choncho, ndipo Armindo, ngakhale anali wouma mutu, sanali wabodza.

M'mawa mwake anaoloka malire awiriwiri, makina ali m'thumba. Anayenda m'kanjira kopondedwa ndi ng'ombe, osapatuka ngakhale phazi limodzi, kuopa mabomba okwirira. Munda wa amalume unali utasanduka tchire, koma mtengo wa pichesi womwe Armindo anaikira chizindikiro unalipo. Chitini chinatuluka chadzimbiri, makaseti ali ouma. Anakhala pamzere wakale wa mbatatesi, ndipo asanatsegule makina Armindo anaulula kuti mayiwo anawaika kutali kwambiri, ndipo mathero a nyimbo ankawadula dala.

"Ndinalipo," anatero bambo Faustino. "Ndinaseka nawo. Tsegulani."

Nyimbo yoyamba inayamba. Inali yokoma monga Armindo ankaikumbukirira, ndipo kukomako kunamunyansa. Bambo Faustino anayandikitsa khutu pamakina, maso ali pansi, akufunafuna pakati pa mawu a anthu makumi awiri. Kwaya inatsika, batani linamveka kuti khwa, ndipo nyimbo yachiwiri inalowa pompo. Inathanso chimodzimodzi, yachitatu chimodzimodzi. Khwa aliyense Armindo ankamumva m'chala chake. Pamene Armindo ankatembenuza kaseti, mkuluyo anali atafinya chipewa chija m'manja.

Chakumapeto kwa nyimbo yachisanu ndi chinayi kunamveka kuwomba kwa mphepo pamikirofoni, ndipo Armindo anakumbukira. Tsiku lija mphepo inalowa pawindo, nsungwi n'kupendekeka, iye n'kuigwira ndi manja onse awiri. Batani analisiya lopanda mwini. Tsopano kwaya inatsika, anthu onse n'kukhala chete, ndipo kutali, pakhomo paja, liwu limodzi linatsala. Linali laling'ono, lokanda pang'ono, koma linakoka osafulumira, kwa nthawi yoti munthu n'kupuma katatu, mpaka linatha lokha.

Bambo Faustino anatseka maso. "Make Felismina uyo," anatero motsitsa. "Ankamveka choncho akamachokera kudimba. Bwezeraninso."

Armindo anatulutsa kaseti, n'kulowetsa cholembera pabowo, n'kupota ndi dzanja kuti mabatire asathere pobweza. Anamvera. Anapotanso, n'kumveranso. Sanawerenge kuti kangati. Dzuwa linafika pamutu, mabatire anayamba kufooka, ndipo liwulo linayamba kutsika ndi kulemera ngati la mwamuna. Apo mkuluyo anagwira dzanja la Armindo n'kunena kuti awaleke mayiwo tsopano, atopa.

Armindo anawapatsa kasetiyo, monga analonjezera zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Bambo Faustino anaikulunga m'kansalu kaja, n'kufunsa ngati nyimbo zinazo mayiwo ankamalizanso chonchi.

"Zonse, bambo."

"Zinali zingati?"

"Khumi ndi ziwiri."

Mkuluyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kuika kaseti m'thumba la malaya, n'kuvala chipewa. Sanamudzudzule, ndipo Armindo akadakonda akadamudzudzula. Anabwerera m'kanjira ka ng'ombe kaja, bambo Faustino ali patsogolo, dzanja lili pachifuwa.

Amene anaimbira Armindo m'zaka zotsatira amati sanasinthe kwenikweni. Anadula nsungwi ina, ankayezabe pansi ndi mapazi, ndipo wa mawu aakulu ankamubwezabe kumbuyo, poti kasingano sikamva chisoni. Koma nyimbo ikamatha ankapinda manja kumbuyo, n'kuima choncho, kaseti ikuzungulira, mabatire akupita, mpaka munthu womaliza atseke pakamwa.