Madzi a Kummwera ndi Chigumu cha Eness

Ambrose Kalitsiro sanaonepo nyanja yamchere, ndipo madzi ouma ngati mwala amawadziwira mufiriji. Koma mukamufunsa ntchito yake, akuuzani mosaphethira kuti amayeza zaka za madzi a kunyanja yozizira ya kumapeto a dziko, kummwera kwenikweni. Kwawo ku Ntcheu analeka kufunsa. Amangoti ali ku Kenya, amatsuka mabotolo, ndipo kunena zoona sanaphonye kwambiri.

Anabwera ku Nairobi kudzaphunzira, sukulu itatha anamulemba ntchito mu labotale ya yunivesite ina. Sitima za akatswiri zimatunga madzi pansi penipeni pa nyanja ija, mabotolo ena n'kufika kwa iye. Nyanjayo imameza mpweya wa kaboni, uwu ukutenthetsa dzikowu, n'kumira nawo. Mu mpweyawo muli kaboni wina wosowa amene amatha pang'onopang'ono, ndiye ukadziwa kuti watsala wochuluka bwanji, wadziwa kuti madziwo anamira liti. Ambrose amakoka mpweyawo m'madzi, kuutsekera m'timachubu tagalasi ndi kuutumiza kunja kuti akauyeze. Amagwira yekha, chitseko chotseka, ataphimba kukamwa, poti ngakhale mpweya wake womwe ungaononge zonse. Munthu wolongolola ngati iye, amene kusekondale ankamutcha Wailesi, tsiku limatha atangonena "shukisha hapo" kwa kondakitala wa matatu, minibasi ya ku Rongai, kuti amutsitse.

Munthu yekhayo amene ankacheza naye m'Chichewa anali Eness, mayi wa ku Thyolo wogwira ntchito yoyeza odwala pachipatala china ku Upper Hill. Anadziwana kutchalitchi. Lachisanu lililonse Ambrose ankadzera kuchipatalako, Eness n'kumutulutsira chigumu chokulunga m'kansalu chimene ankasunga m'dirowa ya kuntchito. Ankakhala pabenchi yapanja kumanyoza ugali, nsima ya ku Kenya, kuseka mpaka misozi. Kansaluko Ambrose ankakasunga m'chikwama chake mpaka tsiku lokabweza. Lachisanu ankalidikira ngati mlimi adikira mvula, ngakhale sanayerekeze kunena.

Zotsatira zoyamba zitabwera, a Veronica, Mkenya woyang'anira labotale, anamuitana. Madzi oyenera kukhala a zaka mazanamazana ankaoneka ngati a mvula yadzulo. Anapukuta matebulo, zitseko ndi chikwama cha Ambrose n'kuyeza, ndipo vuto linapezeka m'chikwamamo, momwe munkakhala kansalu ka Eness. Kuntchito kwa Eness amagwiritsa ntchito kaboni wosowa yemwe uja, koma wochuluka zedi, pofufuza tizilombo ta zilonda za m'mimba. Kwa munthu alibe vuto. Kwa botolo la madzi akale, kafumbi kosaoneka n'komwe n'kokwanira.

"Pole, Ambrose," anatero a Veronica pomupepesa m'Chiswahili. "Theka la mabotolo lapita, ndipo sitima sibwererako msanga. Mpaka otsalawa athe, usakhudze chinthu kapena munthu wochokera kuchipatala chija."

Apa ndi pamene mnzathuyu anasokera. Wina akanangoimba foni n'kufotokoza. Koma mwana wa ku Ntcheu angayambe bwanji kumuuza mzimayi kuti chakudya chake chapezeka ndi mankhwala? Kwathu mawu amenewo amapasula mudzi. Analemba uthenga pafoni, kufufuta, kulembanso, pomaliza n'kungoti ntchito yachuluka. Milungu inadutsa. Anasungulumwa koopsa, mpaka anayamba kumayankhula ndi mabotolo kuseri kwa chophimba kukamwa chija.

Kutchalitchi ankalowa mochedwa n'kukhala kumbuyo. Lamulungu lina Eness anamutsatira komweko, nakhala pambali pake. Wansembe atauza anthu kuti apatsane moni wa mtendere, Eness anatembenuka n'kutambasula dzanja lamanja, lamanzere litagwira pachigongono monga timachitira kwathu. Mawa lake Ambrose anali ndi mabotolo oti atsegule. Anayang'ana dzanjalo, kenako anaika lake pachifuwa n'kuweramitsa mutu. Dzanja la Eness linakhala m'malere kanthawi, mpaka mayi wina wa benchi yakutsogolo analigwira.

Potuluka Eness anamudikira pageti.

"A Ambrose, ngati ndinakulakwirani, bwanji osangonena?"

"Ayi achemwali, simunalakwe. Kungoti ntchito."

"Ntchito imaletsa moni?"

Mawu oti mankhwala anamufika Ambrose pakhosi n'kubwerera. Ambrose anangoyang'ana nsapato zake.

"Sawa, chabwino," anatero Eness. "Muyende bwino."

Kuchokera pamenepo Eness anayamba kupemphera ku Utawala, dera lina la Nairobi, kwa msuweni wake. Mabotolo otsala anatuluka bwino: madziwo anamira agogo a agogo athu asanabadwe. A Veronica anagula keke, anthu anaomba m'manja, Ambrose anatuluka panja ndi foni n'kuimbira Eness. Tsopano poti ntchito inali itatha, mawu aja anatuluka onse, kuyambira kansalu mpaka chikwama. Eness anamvetsera osamudula.

"Mwamaliza?" anafunsa. "A Ambrose, ine ndine wa mu labotale ngati inu nomwe. Kaboni ameneyo ndimamugwira tsiku ndi tsiku. Mukanandiuza, ndikanamva pomwepo, tikanamacheza pafoni mpaka mabotolo anuwo athe. Koma inu munaona kuti n'chapafupi kundisiya dzanja m'mwamba pamaso pa mpingo."

Ambrose anati apepese, koma foni inali itaduka kale.