Mwendo wa Gemma ndi Chitenje cha Amayi

Ndikukumbukira sutikesi yofiira imene inakhala yotsekula pakona ya chipinda chathu ku Wakefield, ku Britain, nyengo yonse yozizira ija. Inali yanga. Amayi, amene anali nesi pachipatala, anali atatsimikiza kuti sukulu ikatsekera ndibwerera ku Zomba kukakhala ndi azakhali. M'nyumbamo tinalimo awiriwiri, poti bambo anamwalira tisanabwere kuno. Amayi akakhala pa naiti ndinkagona kwa mayi wina wa kutchalitchi, koma nayenso anali pafupi kusamukira ku Salford. "Kuno tilibe munthu, Tadala," ankatero amayi uku akupinda masiketi anga. "Dziko la eni ili." Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Zomba sindinkamuopa ayi, chimene chinkandidya mumtima chinali kusiyana ndi amayi. M'mawa uliwonse ndinkatulutsa masokosi m'sutikesimo n'kukawabisa m'kabati, koma madzulo ndinkawapeza atabwereramo.

Tsiku lina kunabwera a Carol, mzungu wa kumsewu wa kuseri kwathu, atanyamula matikiti awiri. Mwana wawo Gemma anagonapo nthawi yaitali pa wodi ya amayi atathyoka mwendo. Ntchito yake inali yovina pa ayezi, atavala nsapato zokhala ndi mipeni kunsi, ndipo tsopano anali atasankhidwa kuimira Britain pampikisano wa maiko angapo umene unkachitikira konkuno. A Carol atapita, amayi anayang'ana matikitiwo n'kupukusa mutu. "Kukwera sitima kuti tikakhale mufiriji? Azungu koma!" Komabe munthu wakuitana ndi ulemu sumukana. Anavala masokosi awiri, juzi, chijekete, ndiye pamwamba pa zonsezo n'kumanga chitenje chawo cha buluu chimene anzawo anawapatsa potsanzikana ku Malawi.

M'chinyumba cha mpikisanomo kuzizira kunkalowera kumapazi. Munkanunkhira tiyi ndi mbatata zokazinga, ndipo aliyense akayankhula pakamwa pankatuluka utsi. Tinakhala pamzere wakutsogolo ndi a Carol, pafupi ndi kageti kamene ovina ankatulukira. Atsikana a maiko ena ankabwera mmodzimmodzi, mipeni ikulira kwee pa ayezi, anthu n'kuwomba m'manja mwaulemu ngati m'tchalitchi. Amayi sankaona za kuvinazo. Nkhawa yawo inali pa timadiresi. "Ana amenewa makolo awo ali kuti? Chibayotu ichi," ankanong'ona, ine n'kumaseka mobisa m'kolala ya jekete.

Kenako dzina la Gemma linatchulidwa. Chinyumba chonse chinagwedezeka, timbendera tili petupetu mbali zonse, mpaka ine tsitsi linandiimirira. Nyimbo itayamba kunangoti zii. Amayi anasiya kudandaula. Anawerama, maso awo ali pa mwendo wakumanja, womwe uja ankausambitsa ndi kuutembenuza, womwe uja anauphunzitsanso kuponda pansi mwini wake akulira. Gemma anathamanga chammbuyo, n'kudumpha, n'kuzungulira m'malere. Amayi anandifinya dzanja mpaka zala zinachita dzanzi. Gemma anatera ndi mwendo womwewo, ndipo mwendowo sunagwedere.

Apo ndiye amayi anaiwala kuti ali m'dziko la eni. Anaimirira n'kuimba nthungululu yakuthwa, ya paukwati yeniyeni, imene inadutsa pamwamba pa nyimbo n'kukagunda kudenga. Mitu yonse inatembenuka. "Wathu ameneyo!" anakuwa m'Chichewa. "Mwendo wathu umenewo!" Bambo wina wachikulire kumbuyo kwathu, atapenta mbendera pamasaya, anayesa kutsanzira, koma zinamveka ngati mbuzi yatsamwa. Anthu anaseka, iye n'kundipatsa kambendera kake.

Gemma atamaliza, anthu anayamba kuponya maluwa ndi zidole pa ayezi, monga mwa mwambo wawo. Amayi analibe duwa. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anamasula chitenje chija, n'kuwerama pa kampanda, n'kuchiyala pansi pakageti. Kwathu amayi amatero polandira munthu amene wawapatsa ulemu, kuti phazi lake lisaponde fumbi. Chimene sanaganize n'chakuti phazi ili linali ndi mpeni. Mlonda anatukula dzanja kuti achichotse, koma Gemma anali atafika kale, ali wefuwefu. Anayang'ana chitenjecho, n'kuyang'ana amayi, ndiye n'kuponda. Ndinamva nsalu ikulira kuti thee. Amayi sanaiyang'ane n'komwe, anali atamukumbatira kale mtsikanayo pamwamba pa kampanda, onse awiri akulira.

Gemma anakhala wachitatu. Nyimbo ya fuko imene inaimbidwa inali ya dziko lina, koma pa mbendera zitatu zimene zinkakwera, imodzi inali ya kuno. Amayi anaimirira njo, dzanja pachifuwa, chitenje chong'ambika chili paphewa. Ndinaimirira pambali pawo ndi kambendera kanga, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva kunyada ndi dziko limene ndinkangolidziwa ndi kuzizira kwake.

M'sitima pobwerera a Carol anandifunsa tanthauzo la chitenje chija. Ndinawafotokozera m'Chingerezi changa cha kusukulu, ndipo poti pakamwa panali patatseguka, ndinaululanso za sutikesi. Amayi ananditsina pantchafu. A Carol anati kwawo kuli bedi limene palibe amagonapo, ndipo sukulu yanga ili panjira yawo. Amayi anathokoza mwaulemu, osavomera, osakana, maso ali pawindo. M'mawa mwake ndinabisanso masokosi m'kabati. Madzulo ndinawapeza ali momwemo.

Masiku ano zinthu zinasintha. Amalawi tachuluka m'mizinda ino, nesi wobwera kumene amapeza anthu akumudikira pasiteshoni, ndipo ana anga, amene amandiyankha m'Chingerezi ndikawayankhula Chichewa, amatsetsereka pa ayezi ngati anabadwira pomwepo. Amayi anapuma ntchito. Kuzizira amakunyozabe, koma masewera a pachisanu akayamba pa TV amafunsa kuti, "Athu alowa nthawi yanji?"

A Carol anatisiya chaka chatha. Ndinakulira patebulo pawo, ndipo ndinawalira ngati mayi anga aang'ono. Tsiku la maliro, bokosi likuyandikira khomo la tchalitchi, amayi anatuluka pamzere pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, n'kutulutsa m'chikwama chitenje cha buluu chija, chimene sanachisoke mpaka lero. Mawondo awo anakana kupinda. Gemma ndi amene anagwada n'kuwathandiza kuchiyala.