Loko watsopano pachitseko cha a Saidi

Lachiwiri lapitali ndinapita kwa telala wanga pa Ntcheu Boma kukatenga diresi ya mwana wa mlongo wanga, yemwe chinkhoswe chake chinali Loweruka. Ndinapeza a Saidi ali pakhonde, tepi ili m'khosi, manja ali pamaondo. Pachitseko panali loko watsopano.

"Kodi mwataya kiyi?" ndinafunsa.

"Ayi bambo, loko ameneyu si wanga. Makina anga ali m'katimo. Diresi yanu ili momwemo, ndi mayunifomu a ana asukulu omwe."

A Saidi anayamba kusokera m'kachipinda kameneka ine ndisanamere imvi. Eni nyumba anali mayi Nangozo, amene tinawaika m'manda mwezi watha. Awiriwa anangogwirizana pakamwa, ndipo sindinamvepo kuti akangana. Koma m'mawa wa tsikulo mwana wa malemuwo, a Filipo, amene amalima kachewere ku Mlangeni, anafika n'kukhoma chitseko osalankhula ndi munthu.

A Filipo tinaphunzira limodzi, choncho ndinawaimbira foni. Anali akadali pamsika, ndipo sanachedwe kufika pa kabaza. Ine ndinkayembekezera munthu wolusa. Amene anatsika panjingapo anali munthu wotopa, wosameta ndevu, maliro akadali pankhope.

"Achimwene, ine ndilibe nawo chifukwa a Saidi," anatero. "Mlongo wanga wa ku Lilongwe akuti wapeza wogula nyumbayi. Ine ndangomvera kwa anthu. Ndiye ndati nditseke, adziwe kuti nanenso ndine mwana wa pakhomo pano."

"Nanga amene mwamutsekera panjayu ndi mlongo wanu?" ndinawafunsa.



A Saidi anaimirira. "Bambo Filipo, nyumba ndi yanu, sindikukana. Mukati ndichoke, ndichoka. Koma ndiuzeni nthawi ikadalipo, ndifunefune malo. Ana anga amadya za makina ali m'katimo. Anthu anandisiyira nsalu zawo, ndiwauza kuti chiyani?"

A Filipo anapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi. Titalowa, anaima pafupi ndi kampando kamatabwa kamene kanali pakona.

"Amayi ankakhala apa masana," anatero.

"Tsiku lililonse," a Saidi anayankha. "Ankandithandiza kusokerera mabatani, amvekere manja asafe. Mpandowo ndi wawo, mukhoza kuutenga."

A Filipo anakhala pampandopo n'kubisa nkhope. Ife tinatuluka panja kuti tiwapatse mpata.

Pamapeto pake anagwirizana kuti a Saidi apitirize kusoka mpaka kutha kwa mwezi wamawa, banja likukambirana za nyumbayo. Sindikunamizani kuti nkhani yatha bwino. Nyumba mwina igulitsidwa ndithu, ndipo a Saidi ayamba kale kufunsa makonde a masitolo. Koma achoka ngati munthu, atanyamula okha makina awo, atatsanzika anansi.

Abale anga, n'chifukwa chiyani wochita lendi timamuona ngati katundu wa m'nyumba? Pa Boma pano, pa Kasinje ndi m'misika ina, tamva za anthu amene anawazulira chitseko, ena kuwasasulira malata mvula ili pamutu. Ena amabwerako kuchipatala kodikirira matenda n'kupeza mphasa ndi mapoto zili pabwalo.

Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma munthu amene wakalambira pakhonde panu, amene anabwera kudzakhuza maliro a mayi anu, akadali mlendo?

Lamulo silinamuiwale munthu wotere. Pangano la pakamwa ndi pangano ndithu, ndipo silikwiriridwa limodzi ndi mwini nyumba. Wofuna nyumba yake amayenera kupereka chidziwitso nthawi ikadalipo. Winayo akakana kutuluka, njira ndi ya kukhoti, osati loko kapena nyundo. Vuto n'lakuti ambiri ochita lendi sadziwa zimenezi, ndipo odziwa amaopa. Amati ukalimbana ndi mwini nyumba, mbiri imawanda, mawa palibe amene akupatse chipinda.

Eni nyumba nawonso ndimawamvetsa. Ambiri kuno si anthu olemera. Ndi amasiye, alimi, anthu opuma pantchito amene anamanga zipinda ziwiri kuseri kuti apezeko ya feteleza. A Filipo si munthu wankhanza. Mtima unali kuwawa, ndipo mkwiyo wawo unagwera amene anali pafupi, amenenso sakanatha kubwezera.

Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ambiri a ife tili ndi mwana ku Blantyre kapena ku Joni amene akugona m'chipinda cha eni. Tsiku limene adzaimbe foni kuti wapeza chitseko chokhoma, katundu wake ali m'kati, inu mudzafuna kuti mwini nyumbayo akhale munthu wotani?