Maso a Anasingano

Ambiri amene munalira mokweza pamaliro a Anasingano simunapondeko pakhomo pawo ali moyo. Choncho werengani, muwadziwe.

Amayi awo anamwalira iwo asanaphunzire kuwerenga, ndipo sukulu inathera pomwepo. Azakhali awo anawagwiritsa singano, dzina lija n'kubadwa. Atakwatiwa, mwamuna anathawa, kuwasiyira mwana wamkazi ndi makina osokera akale. Ndi makinawo analera mwanayo, ndipo Loweruka lililonse ankasoka ndi kusita nsalu za paguwa la mpingo uno osalandira kanthu. Ankati, "Ine Mawu sinditha kuwerenga, ndimangowayalira pokhala."

Wowawerengera anali Aphunzitsi, nkhalamba yopuma ntchito yoyandikana nawo nyumba. Masana ankakhala pakhonde, wina ndi Baibulo, wina ndi nsalu pamiyendo.

Ukalamba utafika, pakati pa diso la Anasingano panayamba kuda. M'mbali ankaona, koma bowo la singano ayi. Dokotala anawauza mosabisa: "Agogo, pali mapiritsi a mavitamini a maso. Sachiritsa, amangochedwetsa mdima. Muzimwa osadumphitsa."

Mwana wawo wa kutauni anayamba kutumiza mabotolo. Botolo linkafika, mwini wake osafika. Ana a masiku ano amaganiza kuti kholo ndi adiresi.

Nthawi yomweyo maso a Aphunzitsi anachita ng'ala. A kuchipatala anati pafunika opaleshoni, koma iwo anakana: "Mpeni m'diso langa? Ndine nsomba ine?" Anayamba kupunthwa powerenga, vesi kuisiya panjira. Anasingano zinawadya mumtima. Kwa iwo diso linali diso basi, mankhwala a maso a wina ayenera kuthandizanso mnzake. Anapita nalo botolo lonse.

"Achimwene, imwani awa. Ine ndili nawo ena."

Analibe ena. Mabotolo onse otsatira anadutsa njira yomweyo, ndipo mdima wawo unakula popanda choutchinga. Kaya mapiritsiwo akanawasungira maso, adziwa ndi Mulungu. Chimene tidziwa n'chakuti kwa munthu wa ng'ala sanathandize kanthu. Anasingano ankasokabe mofufuza ndi zala, zobayidwa ndi singano. Amayi a komiti, m'malo mofunsa chavuta n'chiyani, ankanong'onezana kuti mpendero wa nsalu yapaguwa wakhota.

Pomaliza Aphunzitsi anakokedwa ndi adzukulu kupita ku opaleshoni, nabwera akuona ngati mnyamata. Anapeza mnzawo akupapasa khoma kufuna chitseko. Anafunsa za mabotolo ena aja, Anasingano n'kungoseka. Pamenepo Aphunzitsi anazindikira kuti mabotolo enawo kunalibe, nakhala pansi.

"Mlongo wanga, mwadzichitiranji zimenezi?"

"Maso angawa ankangoona ulusi. Anuwo amaona Mawu. Nanga simukuwerenga tsopano? Ndiye kuti agwira ntchito."

Aphunzitsi anatsegula pakamwa kuti anene zoona, kuti wawachiritsa ndi mpeni. Anayang'ana zala zija, natsegula Baibulo.

Anawawerengera tsiku lililonse mpaka m'mawa umene Anasingano anamwalira pamkeka wawo, salimo lili pakati, manja ali pachifuwa, nkhope ili phee. Aphunzitsi anamaliza salimolo.

Lamlungu lotsatira komiti inachotsa nsalu yokhota ija n'kuyala yogula kusitolo. Yakaleyo anaitola Aphunzitsi m'dengu la zopukutira pansi. Amayalapo Baibulo lawo. Amene mukufuna kuona chikhulupiriro, pitani mukaone mpendero umenewo, inu amene maso muli nawo.