Nambala Imene Salome Anakweza

Ku Mtakataka ambiri amamudziwa Salome Jeremiah ngati mayi wosayankhulayankhula amene amakhala kuseri kwa golosale ina, maso ali pa laputopu. Ena amati ntchito yake n'kuika nyimbo m'mafoni. Iye sawatsutsa, poti kufotokoza kungamutayitse tsiku.

Mayi ake atamwalira, Salome analeredwa ndi atsibweni ake, a Nasoni, mlimi wa mpunga chakufupi ndi Golomoti. Ndi iwo ankamupalasa panjinga kupita kusukulu ku Mua, mvula kaya dzuwa. Salome atayamba ntchito, chinthu choyamba kuwagulira chinali foni. Zaka zapitapo, galasi lake linang'aluka, koma a Nasoni amaisungabe m'kajumbo ka shuga kuopa chinyezi.

Salome ndi anzake, ena ali ku Lilongwe, amalemba pulogalamu yogawira madzi pa sikimu ya mpunga. Ndi chinthu chachikulu, cha zigawo zambiri. China chimayeza madzi, china chimagawa masiku othirira, china chimakhala m'foni ya mlimi n'kumamuuza tsiku lake. Zigawo zonsezi zimatsamira pa zidutswa zimene analemba kale anthu ena, zotchedwa malaibulale, ndipo laibulale iliyonse ili ndi nambala yosonyeza ngati ndi yakale kapena yatsopano. Poyamba aliyense ankasankha nambala yomukomera. Pachokhapachokha chigawo chinkayenda, koma akaziphatikiza zinkakokanakokana ngati ng'ombe zosazolowerana pa goli.

Salome ndiye anathetsa chipwirikiti chimenecho. Anasonkhanitsa manambala onse mu fayilo imodzi, n'kunena kuti chigawo chilichonse chizitenga momwemo. Ikakwera nambala, yakwera kwa onse. Pamenepa anali wouma mutu, tisabise. Mnzake Dumisani atapempha kuti chigawo chake chokha chitsogoleko, anamuyankha mawu awiri: “Tonse pamodzi.” Dumisani anatupa sabata yathunthu.

Panali nambala imodzi imene Salome sankafuna n'komwe kuikhudza, ya laibulale yokhoma mauthenga kuti wakunja asawasinthe. Yatsopano sinkayenda m'mafoni akale, ndipo mafoni akale pa sikimu ndi ankhaninkhani. Anaisunga pansi zaka ndithu, akunena kuti akuganizira alimi. Zinali zoona, koma mumtima ankaona nkhope imodzi, ya atsibweni ake.

Chaka chatha, nthawi yowokera, loko wakaleyo, laibulale yokhoma ija, anapezeka ndi mng'alu. Wina analowerapo n'kusinthanitsa masiku a madzi, ndipo amuna awiri anatemana ndi makasu pangalande. Kukonza kwake kunali kumodzi, kukweza nambala ija. Walira mvula walira matope. Lamulo limene Salome anakakamiza anzake tsopano linamuyang'ana iye.

Dumisani anamuimbira, mawu ake ofewa. “Achemwali, chigawo cha m'foni tichisiye pa yakale mpaka akolole. Palibe angakulozeni chala.”

“Tikatero ndiye kuti makina athu azilandirabe loko wakale,” anatero Salome. “Khomo limodzi likakhala pululu, takhoma chiyani?”

Anasintha nambalayo ndi dzanja lake tsiku lomwelo. Zigawo zonse zinamangika bwinobwino, popanda chokanana, koma Salome sanakondwe ngakhale pang'ono. Akomiti anagwirizana kuti a mafoni akale azikamva masiku awo ku ofesi ya sikimu, mtunda wotopetsa kwa munthu wa mawondo ngati a Nasoni. Salome akanatha kuwaimbira atsibweni akewo, koma nkhani yotere sanenera pafoni. Anakwera minibasi mpaka Golomoti, kenako kabaza.

Anawapeza ataima pamzere wa munda wawo, foni ili m'mwamba, akuitembenuzira uku ndi uku kusaka netiweki. Mbande zinali mitolomitolo m'mphepete, zikudikira madzi. Atamuona anaseka ndi mano awo otsalawo.

“Mulungu ngwabwino, wabwera mwini wake! Anzanga alandira uthenga, ine zii. Ndawauza kuti mphwanga ndiye amapanga zimenezi, yanga singafe.”

Anaipukuta pa malaya n'kumupatsa ndi manja awiri. Salome anagwada pamatope pomwepo, nailandira.

“Siinafe, atsibweni. Ndaitsekera kunja ndine. Pamodzi ndi zonse zakale.”

A Nasoni sanakalipe. Anatenga foni ija, naibwezera m'kajumbo kake, napinda pakamwa pake mosamala monga amachitira masiku onse.

“Nanga madzi anga ndi liti?”

“Lachinayi m'mamawa. Ndizibwera ndine kudzakuuzani.”

“Chabwino,” anatero. Anawerama n'kuyamba kuphimba mbande ndi udzu kuti zisafote.

Mpaka lero Salome amatsika pa Golomoti sabata iliyonse. A Nasoni amamulandira bwino, amamufunsa za moyo. Koma Salome sanawamvenso akuuza munthu kuti mphwawo ndiye amapanga zimenezi.