Mutu wa Atelala

Atelala sanadwalepo misala. Amene ankadwala ndi mlongo wawo, yemwe anayamba kumva mawu m'makoma akali mnyamata. Pokhala oyamba kubadwa, Atelala ndiwo ankamuperekeza kuchipatala chachikulu. Kumeneko kunali Pulofesa wina wamfupi, wolankhula motsitsa, wofufuza za ubongo. Tsiku lina atamaliza kujambula mutu wa wodwalayo, anatembenukira kwa iwo.

"Nanunso mayi, tikuoneni. Tikufuna tiyerekeze ndi achibale amene ali bwinobwino."

Anavula ndolo, nachotsa mapini amene sankachoka pakolala ya bulauzi yawo, nagona pakabedi kopapatiza. Kabediko kanawalowetsa m'chimakina chonga mgolo, chozizira, chogogoda ngati wina akukhoma misomali pafupi ndi khutu. Potuluka anapeza Pulofesa atayandikitsa nkhope pakompyuta, ophunzira ake atamuzinga. Panalibe wowayang'ana kumaso.

"Kachigawo aka," anatero akuloza ndi cholembera, "n'kofanana ndi ka mlongo wanu. Sindikuti mudwala ayi. Koma tizikuonani."

Kunyumba anakafotokoza moseka. Amuna awo, oyendetsa basi, sanaseke.

Chithunzicho chinamukweza Pulofesa. Analemba kuti matendawa amaoneka muubongo munthu asanayambe kudwala, ndipo nkhaniyo inamveka kutali. Ankaitanidwa kumisonkhano ya kunja, ophunzira ake anakhala madokotala, iwonso naphunzitsa ena. Mlongo uja anamwalira. Atelala ankasokabe mayunifomu pakhonde la sitolo ya nsapato, imvi zikubwera. Koma akapita kuchipatala, kaya ndi chimfine kaya msana, dokotala akangoona mbiri yawo ankakhala tsonga.

"Ndinu aja a Pulofesa? Mutu wanu tinauphunzira m'kalasi! Mukugona bwino? Simukumva mawu?"

"Ndikumva anuwo," ankayankha. "Ine ndabwera ndi bondo."

Anayesa chipatala china kutsidya kwa tawuni. Dokotala wake anali wophunzira wa wophunzira wa Pulofesa, ndipo anaitana anzake kuti adzawaone.

Kunyumba ndiye kunanyanya. Atelala anali ndi chizolowezi chokalipira makina awo ulusi ukaduka: "Iwe, wayambanso?" Tsopano akatero, amuna awo ankasiya kutafuna. Akaiwala pamene aika tepi, ana ankayang'anana. Sizasi yaikulu inayamba kugona m'kabati yokiya. Choncho anasiya kulankhula okha, anasiya kuimba, kuseka kwawo kokweza anakumeza. Apongozi awo ataona zimenezi anagwedeza mutu.

"Mwaona? Kukhala zii kumeneku ndi mmene zimayambira."

Pulofesa atamwalira, Atelala anati mwina apuma. Mwana wawo wamkazi, mphunzitsi wa pulayimale, anali atapeza mwamuna, ndipo iwo anali kalikiliki ndi diresi la ukwati. Masana ena pakhondepo panafika dokotala wachitsikana, waulemu wake, amene analowa m'malo mwa Pulofesa. Anakhala pabenchi ya makasitomala nayamikira msoko.

"Amayi, kafukufuku uja tikumupitiriza. Pano tikufuna ana a anthu oyamba aja."

"Ana anga asiyeni."

"Koma wamkaziyo anabwera kale yekha, tinamujambula. Ndimayesa anakuuzani."

Atelala anafunditsa makina nsalu, nayenda wapansi mpaka kusukulu. Ana anali ataweruka. Mwana wawo anali yekha m'kalasi, akufufuta bolodi loyera kale.

"Unapitiranji? Sunaone mmene andichitira ine anthu amenewa?"

"Ndinaona, amayi."

"Nanga?"

Mtsikanayo anaika pansi chofufutira, nakatseka chitseko.

"Pali munthu amandiitana ndikamaphunzitsa. Amaima kuseri kwa zenera ilo. Ndikafunsa ana, amati sakumumva."

Atelala anayang'ana pazenerapo. Kunali bwalo lafumbi ndi mpopi wodontha, basi. Anamutengera chikwama mwanayo, namugwira dzanja powoloka msewu ngati wa zaka zisanu.

Sanauze amuna awo, sanauze apongozi. Tsiku la ukwati silinasinthe, ndipo diresi analisokabe. Kungoti mwanayo akabwera kudzayesa, chiuno chinkapezeka chachepanso, Atelala n'kusula msoko, n'kubweza nsalu mkati, mapini ali kukamwa.