Azamba a ku Edingeni ndi pasiwedi yawo

Ndinafika ku Mzimba Boma m'nyengo yozizira, ndili mnyamata wa ku Ntcheu wosadziwa liwu lililonse la Chitumbuka kupatula "yewo". Bungwe lina laling'ono la zaumoyo linandilemba ntchito yoyang'anira makompyuta. Ofesi yathu inali nyumba yakale chakumunsi kwa msika, ndipo seva ya maimelo tinaiika m'kachipinda kamene eni nyumba ankasungiramo chimanga.

Seva imeneyi inkadziwa anthu a magulu awiri. Ife a mu ofesi tinali ndi malo athuathu m'makinamo, choncho polowa tinkangolemba dzina ndi pasiwedi, basi. Koma anamwino a kumidzi, a cha ku Embangweni ndi Edingeni, ndinangowatsegulira mabokosi a imelo okha. Iwo kuti seva iwazindikire ankayenera kulemba adiresi yonse, pamodzi ndi kachizindikiro kaja ka "a" wozunguliridwa ndi mchira wake.

Mmodzi wa iwo anali mzamba wa pachipatala china chaching'ono kupitirira Edingeni, mayi wachikulire, wamtali, wokonda juzi yobiriwira pamwamba pa yunifolomu. Ankabwera ku Boma kamodzi pamwezi pa matola kudzasiya malipoti. Bokosi lawo linali la ntchito, koma mwana wawo wamwamuna, amene ankagwira ntchito ku Joni, ankawalemberanso komweko.

Tsiku lina chakum'mawa ndinawapeza atakhala pa kompyuta ya alendo, nkhope ili gwaa.

"Adada, makina anuwa andikana," anatero. "Ndayesa, ndayesa, mbwenu akungoti ayi."

Nditasuzumira ndinaona kuti alemba dzina lokha. Anali ataonera kalaliki wathu akulowa choncho, ndiye anaganiza kuti zina zonse zija n'zongotayitsa nthawi. Ndinawafotokozera kuti kalalikiyo ndi wa m'nyumba, pomwe iwo seva imawafuna ndi adiresi yonse.

"Ndiye kuti ine ndine mlendo kuno?" anafunsa, akuseka pang'ono.

"Kwa makinawa okha, amama. Kwa ife ayi."

Tinalemba adiresi yonse, koma inakanabe. Poyesayesa paja anali atasintha zilembo kambirimbiri, mpaka pasiwedi yeniyeni inawasokonekera m'mutu.

"Ndapota nanu, ingondiuzani. Si inu munaiika mmenemo?"

"Sindikuidziwa, amama. Seva siisunga monga munailembera. Imaisakaniza n'kukhala chisokonezo cha zilembo, moti ngakhale ine nditatsegula sindingawerenge kanthu. Chimene ndingathe n'kufufuta yakaleyo kuti musankhe ina."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu. Anati zimenezo azikonda, chifukwa nawonso pa ntchito yawo amamva zambiri za m'mabanja zimene sazitula kwa munthu. Kenako anandiuza chimene chinawadzutsa m'mamawa: mpongozi wawo ku Joni anali atachira, mwana wamkazi, ndipo bambo wa mwanayo anaimba foni kuti chithunzi atumiza pa imelo.

Ndinakonza zonse, n'kuwatembenuzira kiyibodi, ine n'kufulatira. Kumbuyo kwanga ndinamva chala chimodzi chikugogoda pang'onopang'ono, ndipo chilembo chilichonse ankachitchula mokweza ngati mwana wa sitandade wani.

"Amama, chamumtima!" ndinatero.

"Aa, inu simumva Chitumbuka, muvutikiranji?"

"Ine sindimva, koma onse muno akumva."

Kalaliki, dalaivala ndi mayi wa maakaunti anaphulika kuseka. Dalaivala anatchula liwu lonselo iwo asanamalize n'komwe kulilemba. Azambawo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, kenako anatitulutsa tonse. Tinaima pakhonde tikuothera dzuwa, tikumva kugogoda kuja kukupitirira mkatimo, ulendo uno pakamwa pali tseke. Atamaliza anatiitana okha.

Intaneti ya masiku amenewo inkayenda ngati ngolo. Chithunzi chinayamba kutsika kuchokera pamwamba, mzere ndi mzere. Choyamba tinaona khoma loyera, kenako kachipewa koluka kachikasu. Azambawo anasendera pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza galasi. Chitatuluka chipumi anati, "Ichi n'cha kwa amayi ake." Koma itaoneka mphuno anawomba m'manja.

"Iyi ndi yathu! Mphuno ya agogo ake aamuna iyi!"

Nthungululu imene anaimba inamveka mpaka kumsewu, moti mayi wogulitsa nthochi panja anabwera kudzafunsa ngati kuli ukwati. Munthu amene anali atalandira ana osawerengeka a anthu ena m'manja mwake anakhala pamenepo akusisita galasi la kompyuta ndi chala, akuyankhula ndi mdzukulu wake m'Chitumbuka chofewa chimene sindinamve n'liwu limodzi lomwe.

Ndinawasindikizira chithunzicho pa pulinta yathu, chakuda ndi choyera, chifukwa yamitundu tinalibe. Anachiika pakati pa malipoti kuti chisakwinyike. Kenako anandilamula kuti ndikhale pansi ndilembe yankho, iwo akunena. Theka linali Chichewa, theka Chitumbuka, ndipo kalaliki ankandikonza kalembedwe ali chiimire kumbuyo kwanga. Anafunsa ngati mchombo wa mwanayo wauma bwino, analangiza mpongozi wawo za kayamwitsidwe, ndipo anakumbutsa mwana wawo kuti dzina limachokera kumudzi, asathamangire kutcha okha.

"Yewo chomene, mwana wane," anatero ponyamuka. Aka kanali koyamba kundiitana choncho, ndipo sanabwererenso ku "adada".

Ndinakhala ku Mzimba zaka zingapo, ndipo zinali zaka zabwino. Azambawo ndi amene ankaphunzitsa anamwino atsopano kalowedwe ka imelo, ine n'kumangomvetsera ndili pa desiki yanga. Patatha mwezi chichitikire za chithunzi zija, anandibweretsera mtedza wosasenda m'kathumba ka shuga, ndipo tinakazinga tonse mu ofesi nthawi ya tiyi.